Kabotolo

Zaka zisanu ndi chimodzi, Filomena,
wamwa mizu yonse ya ku Domwe,
ina yowawa ngati ndulu, ina yoyabwa kukhosi.
Mphini khumi ndi ziwiri zili m'chiuno mwako,
ndimaziwerenga ndi chala mumdima.
Ine sindinalaweko ngakhale dontho.
"Tambala sadwala," ankatero amayi,
"yang'anani thadzi."

Mwezi ukakupeza unkachapa usiku,
n'kuyanika kuseri kwa bafa
kuti akazi a pamjigo asawerenge.
Ankawerengabe.

Lachiwiri lija tinakwera chapa ku Moatize,
fumbi la malasha lili m'kolala ya malaya.
Tinawoloka Revubwe, tinawoloka Zambezi.
Kuntchito ndinali nditanena kuti
ndikungoperekeza mayi wa kunyumba.

Namwino wa magalasi omanga ndi ulusi
anajambula papepala chinthu chonga mutu wa ng'ombe,
nyanga ziwiri zopindikira pansi.
"Umu ndi modutsa dzira.
Chinzonono chikachedwa kuchizidwa chimatseka,
likodzo nalo limatero.
Ena ndi zotupa m'chiberekero,
ena dzira silikhwima pa nthawi yake.
Zina timathana nazo ndi mapiritsi, zina mpaka opaleshoni."
Ine ndinkagwedeza mutu
ngati wongomvera mlandu wa mnzake.

Kenako anandipatsa kabotolo.
Kachivindikiro kofiira, pambali atalemba Jerivaziyo.
"Nanunso, bambo.
Kuno timayeza munda, timayezanso mbewu."

Ndanyamulapo matumba a simenti awiri paphewa limodzi,
koma kabotolo kaja
kanandilemera mpaka kumapeto kwa khonde.

Patapita sabata, pepala lako linalibe mlandu.
Langa anachita kuliyala patebulo.
"Mbewu ilipo, koma ndi yochepa,
ndipo ikusambira mwaulesi."
Anafunsa za matsagwidi.
Ndinadwaladi, ndevu zitangoyamba kumera, kutupa mpaka kumusi.
Anafunsa za fodya, za nipa wa Loweruka,
za mpando wa lole umene ndimawotchekapo tsiku lonse,
za mitsempha yotupa ngati nyongolotsi kumanzere.
Atafika pa nthenda ija ndinabwera nayo ku Beira,
ija ndinaithamangitsa ndi makapisozi a pamsika,
ndinayang'ana nsapato zanga.
Iwe unayang'ana zenera.

Pobwerera chapa inaima pamlatho.
Madzi pansi, ambiri, opanda nawo kanthu.
Ndinadikira mawu ako.
Unali nawo a zaka zisanu ndi chimodzi:
dzina lija la chumba limene anakupatsa pamaliro a atsibweni,
mwana wa mlongo wanga amene anakulanda m'manja,
mtsikana wa ku Zobwe amene ankandisungira.
Unamasula mfundo ya chitenje,
unagula masawu a mametikali khumi,
n'kundithirira theka m'dzanja.
Anali owawasa. Ndinadya onse.

Amalume atamva ananong'oneza za fisi,
akuti usiku umodzi wokha, palibe adzadziwe.
Unawayankha uli chiimire
kuti nyumba ino ili ndi khomo limodzi.

Lero ndi miyezi itatu osasuta.
Manja amanjenjemerabe ndikamva fungo lake.
Mitsempha ija akuti adzamanga mu Ogasiti.
Pa kalendala ya kukhoma umazunguliza masiku
ndi pensulo ya m'maso,
ndipo masiku amenewo sindilola ulendo wautali.
Tamva kuti kutali amakumaniza mbewu ndi dzira m'galasi,
koma mtengo wake ndi wa lole yathunthu,
ndipo lole ndimayendetsayi si yanga.
Adokotala sanalonjeze kanthu.
Anangoti, "Tiyese."

Mbereko ija unagula chaka choyamba
ikadali pansi pa sutikesi, ikununkha mankhwala a njenjete.
Usaitulutse. Usaiperekenso kwa wina.

Mawa ndikwera ya m'mamawa kupita ku Ulongwe.
Pepala langa lili m'thumba la malaya.
Amayi sadziwa kuwerenga,
ndiye ndikawawerengera ndekha,
mokweza,
alongo anga ali pomwepo.